Mababu Opserera

Chaka chonse ndimagwira manja a eni
pa saluni ya Mai Lungu, kuseri kwa Kamwala,
kupaka zikhadabo zosadziwa kukwecha poto.
Zangazi zinadyeka ndi sopo.
Koma Disembala akafika,
timabotolo ta kyuteksi totsala pansipansi,
toti kasitomala akationa amakwinya mphuno,
abwana amati, "Tenga, ndingotaya ine."
Ndimakwera nato basi ya ku Chawama
tikulira ngwerengwere m'chikwama
ngati ndalama zomwe ndilibe.

Zelipa anayamba kutolera mu Okutobala:
mababu opserera asanu ndi awiri.
Atatu anapempha kwa Bana Mulenga,
limodzi anachita kulanda kwa anyamata
omwe ankati aliphulitse pakhoma la tchalitchi.
Palinso zitsekerero za mabotolo zosinja ndi mwala
ndi nthangala za masuku zoyanika padenga,
zomwe tinathamangira nazo mvula itayamba kuwaza.

Lero magetsi anapita mbandakucha.
Takhala pakhomo, poti m'nyumba fungo lake limazunguza mutu.
Madzi ali m'chigubu chodula pakati.
Ndadontheza wofiira, dontho limodzi lokha,
lafalikira ngati mphekesera za pa mpopi.
Kenako wobiriwira, uja anamukana mkwatibwi wa ku Kabulonga,
kenako wagolide, nkhalamba youma pakhosi
yofunika kuigwedeza ndi kuinyengerera.
Zelipa akukoka mizere ndi kamtengo ka machesi,
lilime panja, osapuma.
"Fulumira iwe, sachedwa kuundana!"
Waviika babu.
Wavuula.

Babu limeneli ndikulidziwa.
Linapsa mu Juni, usiku uja atate ake
ankalongedza malaya mumdima
kuti akwere ya ku Solwezi, akatumize akalandira.
Taonani tsopano latuluka litavala chitenje
chomwe sindinachionepo ngakhale ku Soweto.

Lachiwiri lakanika.
Latuluka ngati madzi a m'ngalande mvula itakata,
ndipo mwana wafuna kuliponya kudzala.
Ndati ayi, lipachike kumbuyo, liyang'ane khoma,
banja lililonse lili ndi wake wotere.
Waseka mpaka kugwetsa botolo la pinki,
simenti ya eni nyumba yachita chipsera chokongola
chomwe ndidzachibisa ndi chopondera mpaka tidzasamuke.

Mtengo wathu ndi nthambi ya mpanda wa a Sakala,
yodula chamadzulo, agalu awo akuyang'ana kumbali.
Waima m'chitini cha penti, miyala ikuuchirikiza,
wapendekeka ngati woledzera wodzilemekeza.
Ulusi tasolola pa thumba la ufa.
Chaka chatha ndinapita naye ku Manda Hill
kukangoona, osati kukagula.
Mtengo wa kumeneko unkagunda denga,
mipira yake yofanana ngati mazira a pa thireyi.
Atatambasula chala kuti akhudze umodzi,
mlonda anakhosomola.
Sanayankhule m'basi yonse.
Lero akukhudza chilichonse, zala zili waliwali,
tsaya lagolide, chigongono chobiriwira,
ndipo palibe wokhosomola
kupatula Bana Mulenga, amene fungo lawapeza pa mbaula.

Tamaliza dzuwa litapendeka.
M'botolo lofiira mwatsala kadontho
kosakwana babu, kosakwana ngakhale nthangala.
"Bweretsani dzanja," akutero.
Wagwira kachala kanga kakang'ono
monga ndimagwirira za azimayi onunkhira aja,
wapaka mokhota, wasefukira pakhungu,
ntchito yoti Mai Lungu angandichotsere tsiku lomwelo.
"Musagwedezeke. Uzirani."

Kwinakwake ana akuwa kuti abwera,
wailesi ya oyandikana yadzuka pakati pa nyimbo,
m'nyumba babu lamoyo lawalira anzake akufa.
Zelipa wathamangira kukaona.
Ine ndatsala pakhomo, dzanja m'mwamba,
ndikuuzira chikhadabo chimodzi,
kuopa kugwira kanthu.